Ndolo ya pamwamba pa khutu savula mwaphuma

Mng'ono wanga adaboola khutu pamwamba patatsala masabata atatu kuti ukwati wa msuweni wathu uchitike. Adafika kunyumba madzulo tsitsi atalikokera mbali imodzi kuti aliyense aone kandolo konyezimira m'mphepete mwa khutu. Amayi adangopukusa mutu. Ine ndidamujambula, ndipo usiku womwewo chithunzi chidali pa status ya WhatsApp.

Vuto lidayamba m'mawa wa tsiku la ukwati. Iye adali mmodzi mwa operekeza mkwatibwi, ndipo onse adagula ndolo zofanana, tozungulira tooneka ngati golide ta pamsika. Za m'munsi adavala bwinobwino. Kenako adati ya pamwamba ija nayonso ifanane ndi zinzake. Adavula yakaleyo n'kuyamba kulowetsa yatsopano. Kutsogolo idalowa, koma kumbuyo sinkatulukira.

"Achemwali, tabwerani mundikankhire, galimoto itisiya," adatero.

Ndidakankha, ndisaname. Padatuluka timagazi, tidapukuta ndi thonje la sipiriti, ulendo wa kutchalitchi.

Patapita masiku anayi khutu lidatupa, lidatentha, ndipo ngakhale pilo sankafuna kuti alikhudze. Amayi adati: "Vula chinthucho mwana iwe, bala lipume." Adavula. Kabowo kadatsekeka, mafinya n'kutsalira mkati. Adamwa makapisozi a amoxicillin amene adatsala m'nyumba, koma sizidasinthe. Sabata isadathe tidali pamzere kuchipatala, komwe adacheka khutulo kuti mafinya atuluke. Lero adachira, koma m'mphepete mwa khutu mudapindika pang'ono, ndipo akamajambulitsa amatembenuzira tsaya linalo.

Tonsefe tinkamufunira zabwino. Chidatisocheretsa n'chakuti tidatenga nzeru za kunsi kwa khutu n'kukazigwiritsa ntchito pamwamba.

Pamwamba si pansi

Ambirife za ndolo tidaphunzira kwa amayi ndi azakhali athu. Iwo ankaboola kunsi kwa khutu ndi singano, n'kusiyamo ulusi kapena kaudzu kuti kabowo kasatsekeke. Pakangopita milungu ingapo mwana ankavala ndolo, nkhani yatha. Zinkatheka chifukwa kunsi kwa khutu ndi mnofu wokhala ndi magazi ambiri, ndipo magazi ndiwo amabweretsa zochiritsa bala. Pamenepa bala limapola m'masabata 6 mpaka 8.

Tsopano gwirani pamwamba pa khutu lanu. Mukumva kafupa kofewa, kopindika. Kafupa kameneka kalibe mitsempha yakeyake ya magazi. Chakudya kamalandira kuchokera ku kachikopa kopyapyala kamene kamakakuta. N'chifukwa chake bowo la pamenepa limatenga miyezi 6 mpaka 12 kuti lipole, ndipo kwa ena kupitirira apo. Zilibe kanthu kuti mudaboola m'mphepete mwenimweni pamene amati helix, pakachidutswa kotchinga khomo la khutu kotchedwa tragus, kapena m'kati mwa chibale cha khutu pamene amati conch. Ponsepa kafupa kake n'kamodzimodzi.

China chimene chimapusitsa anthu n'chakuti bowo limapola kuyambira kunja kulowa mkati. Zili ngati mandasi okazinga pamoto waukulu: kunja apsa bwino, mkati muli phala. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri ululu umatha, khungu la pakhomo pa bowo limaoneka lasalala, munthu n'kumati zatheka. Koma mkatimo muli kanjira ka khungu lanthete kamene kakungoyamba kumera. Mukasolola ndolo kanjirako kamafota, nthawi zina m'mphindi zochepa chabe. Mukakakamiza ina kulowa mumakang'amba, bala n'kuyambiranso, ndipo tizilombo timapeza khomo.

Nanga ndivule liti?

Kalendala yokha si yokwanira. Miyezi 6 ikadutsa, yang'anani khutu lenilenilo. Bowo lopola silipweteka mukaligwira kapena mukaligonera usiku wonse. Silitupa, silitentha, ndipo silitulutsanso timadzi toyera kapena tachikasu pang'ono timene timauma n'kusanduka nkhanambo pandolo. Khungu la m'mbali mwa bowo limafanana ndi lina lonse, ndipo ndolo imasuntha mofewa popanda kuluma. Zonsezi zikhale choncho kwa milungu ingapo yotsatizana, osati masiku awiri. Ngati chimodzi chokha chikusowa, dikirani. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali kusintha kumodzi kokha kumene kumafunika bala lisanapole. Woboola wodziwa ntchito amaika ndolo ya kamwendo kotalikirapo, ndikunena kachitsulo kamene kamalowa m'bowo, kuti khutu likatupa lipeze malo. Kutupa kukatha, kawirikawiri pakati pa masabata 4 ndi 8, kamwendoko kamatsala kakulendewera. Kamakola duku, wigi, chipeso, neti ya udzudzu ngakhale chipewa cha pakabaza, ndipo mukamagonera kamapendeketsa bowo. Apa pamafunika kuikapo kakafupi. Koma iyi ndi ntchito ya woboola, amene ali ndi kachipangizo kolondolera ndolo yatsopano pamene yakale ikutuluka, kuti bowo lisakhale lopanda kanthu. Si ntchito ya pagalasi la kubafa.

Dziwani kaye mmene ndolo yanu imatsegukira

Anthu ambiri amadzivulaza chifukwa amakoka chinthu chofunika kupotokola, kapena kupotokola chofunika kukoka. Musanagwire, jambulani khutu ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo, mukulitse chithunzicho, muone mtundu wake.

Yofala kwambiri kuno ndi ya kachotsekera konga gulugufe kumbuyo, imene amaboolera ndi kamfuti. Mumagwira mutu wa ndolo kutsogolo ndi dzanja limodzi, linalo n'kusolola kachotsekerako molunjika. Ikakhala yoyamba kuvula imalimba chifukwa kamwendo kake kali ndi kamphako kogwira chotsekera. Vuto la ndolo zoterezi n'lakuti gulugufeyo amasunga nkhanambo ndi thukuta, ndipo akafinya kwambiri khutu lotupa amatha kumira m'khungu.

Ina ndi ya kambale kafulati kumbuyo, imene amaitcha labret. Iyi ili mitundu iwiri. Pa ina mutu wake ndi wopotokola ngati sikuluwu: gwirani kambaleko kuti kasazungulire, mupotokole mutuwo mbali imene mumatsegulira botolo la madzi. Samalani, galasi limasokoneza, kumanja kumaoneka ngati kumanzere. Pa inayo mutu umangolowetsedwa ngati phini. Mukapotokola n'kuona kuti ukungozungulira osamasuka, dziwani kuti ndi wokoka. Gwirani kumbuyo mwamphamvu, mukoke mutuwo molunjika.

Pali yowongoka yokhala ndi timikanda mbali zonse ziwiri, yotchedwa barbell. Kamkanda kamodzi kapena tonse tiwiri timapotokoka chimodzimodzi.

Zozungulira nazo zili mitundumitundu. Ina ili ndi kachitseko kamene kamatseguka mukakanyamula ndi chikhadabo, ndipo potseka kamalira kuti "tche". Ina ili ndi kamkanda kopanidwa pakati pa nsonga ziwiri. Kameneka mumakakankhira pambali mpaka katuluke, koma kubwezera kwake n'kovuta moti ambiri amafuna thandizo la woboola. Ndiye pali yooneka ngati ilibe polumikiza. Iyi musaitambasule ngati mukutsegula kamwa la ng'ona, imapindika osabwereranso. Pezani pamene nsonga zakumana, ina muikankhire kutsogolo, ina kumbuyo.

Tsiku losintha likafika

Sankhani tsiku limene simukuthamangira kulikonse. Osati m'mawa wa ukwati, osati minibasi ikukudikirani. Chitani masana pamalo owala, makamaka mutangosamba madzi ofunda, chifukwa nkhanambo zimakhala zafewa.

1. Sambani m'manja ndi sopo, muumitse ndi kansalu koyera. Ngati muli ndi magolovesi atsopano a kuchipatala valani. Amathandizanso kuti kamkanda kasaterereke. Zikhadabo zoikirira zimavutitsa pa ntchito imeneyi.

2. Yalani thawulo loyera patebulo. Timikanda timeneti n'tating'ono kuposa njere ya mapira, tikagwa pansi kapena mu sinki mwataya.

3. Tsukani ndolo yatsopano ndi sopo ndi madzi aukhondo, muipukute ndi sipiriti, muidikire iume. Sipiritiyo ndi wa ndolo, osati wa khutu. Yesani kuitsegula ndi kuitseka kangapo ili m'manja kuti muizolowere.

4. Nyowetsani bowo mbali zonse ndi madzi a mchere a ku famase, olembedwa sodium chloride 0.9%. Ndi omwe aja amaika m'diripi. Chotsani nkhanambo zonse pa kamwendo, chifukwa zikadutsa m'bowo zimakanda ngati mchenga.

5. Masulani, musolole ndolo yakale pang'onopang'ono, mukuonetsetsa njira imene ikutulukira. Mabowo a pamwamba nthawi zambiri sawongoka ngati a m'munsi, amapendekeka.

6. Lowetsani yatsopano nthawi yomweyo, motsata njira yomwe ija. Chala china chikhale kumbuyo kwa khutu kuti mumve pamene nsonga ikutulukira. Kumva kuthina pang'ono si vuto. Ululu wobaya kapena magazi ndi chizindikiro choti mwaphonya njira.

7. Tsekani bwino, koma musafinye khutu. Pasiyeni mpata pang'ono pakati pa ndolo ndi khungu.

Ikakana kulowa mutayesa kawiri kapena katatu, lekani. Bwezerani yakale ija ngati ikulowa, mupite kwa woboola. Ikakana nayonso, ndi bwino bowo litsekeke kusiyana n'kudziboola kachiwiri ndi ndolo yobuntha. Bowo mutha kudzaboolanso khutu likachira, koma kafupa kakawonongeka sikameranso. Ndipo chonde, pulayala ya m'bokosi la zipangizo za njinga isayandikire khutu lanu. Ngati ndolo yamira m'khungu moti kumbuyo sikukuoneka, imeneyo ndi ya kuchipatala, kumene amabaya mankhwala ochititsa dzanzi asanaichotse.

Kwa sabata imodzi mutasintha, samalani khutulo ngati mwangoboola kumene. Tsukani ndi madzi a mchere aja kawiri pa tsiku, basi. Bungwe la akatswiri oboola la Association of Professional Piercers, la ku America, limaletsa sipiriti ndi hydrogen peroxide pabowo chifukwa zimapha khungu lanthete limene likumera. Limaletsanso chizolowezi chathu chija chomazungulitsa ndolo eti kuti isamatirire. Pogona, pindani chitenje ngati nkhata, khutu likhale pabowo la pakati kuti lisapsinjike. Mahedifoni ophimba khutu lonse apumuleko kaye, ndipo kusaluni kapena kometa muziwachenjeza asanayambe.

Kunyezimira sikutanthauza kuti ndi golide

Ndolo zambiri zotchipa ndi chitsulo wamba chopakidwa utoto wa golide kapena siliva pamwamba. Utotowo ukasupuka, khungu limakumana ndi nickel, chitsulo chimene chimayabwitsa anthu ambiri. Khutu limanyerenyesa, limatuluka timatuza kapena kuchucha madzi, munthu n'kumaganiza kuti ndi matenda pamene ndi chitsulo. Vutoli n'lalikulu moti mayiko a European Union adakhazikitsa lamulo mu 1994 lochepetsa nickel m'zinthu zovala pakhungu. Thupi likangoyamba kudana ndi nickel, nthawi zambiri limadana nayo moyo wonse.

Zitsulo zodalirika ndi titanium ya mtundu umene madokotala amaika m'thupi, yolembedwa ASTM F136, komanso golide weniweni wa makarati 14 kapena 18. Chitsulo chimene amachitcha surgical steel ambiri chimawayanja, koma chili ndi nickel pang'ono, ndiye ngati lamba wa wotchi kapena batani la jinzi limakutulutsani zidzolo, chipeweni. Siliva amada akakumana ndi timadzi ta m'bala ndipo amatha kudetsa khungu, choncho ndi wa bowo lopoleratu.

Kunenepa kwa kamwendo nakonso n'kofunika. Mabowo ambiri a pamwamba oboola ndi singano ya akatswiri amakhala a geji 16, kutanthauza mamilimita 1.2. Ndolo wamba za m'munsi zimakhala za geji 20, mamilimita 0.8. Nambala ikamakwera, chitsulo chimaonda. Mukavala yoonda kwa nthawi yaitali bowo limachepa, yakale ija osalowanso. Komanso kawaya koonda kakakoledwa kamacheka khutu ngati ulusi pa sopo. Ngati mudaboola ndi kamfuti, bowo lanu n'laling'ono kale, ndiye musakakamize ya geji 16. Mukamagula pa Facebook kapena Instagram funsani zinthu zitatu: chitsulo chake, geji yake ndi kutalika kwa kamwendo. Wogulitsa akangoyankha kuti "ndi original", sungani ndalama zanu.

Zobwerekana ndolo nazo tisiye. Ndolo imene yadutsa m'bowo losapola imatha kukhala ndi timagazi tosaoneka, ndipo kachilombo koyambitsa matenda a chiwindi a hepatitis B kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kuposerapo.

Akakuuzani kuti muvule

Nthawi zina si inu mukufuna. Sukulu zambiri sizilola ndolo, malo ena a ntchito chimodzimodzi, ndipo pabwalo la netibo woyimbira salola wosewera kulowa ndi ndolo. Kuchipatala amavulitsa zitsulo munthu akamapita ku opaleshoni kapena kukajambulidwa ndi makina a MRI. Zachipatalazo musakangane nazo, koma auzeni kuti bowolo ndi latsopano. Pali tondolo tapulasitiki kapena tagalasi tosaoneka kwambiri, totchedwa retainer, timene timasunga bowo kuti lisatsekeke. Funsani ngati akulola.

Choopsa ndi kuvula m'mawa uliwonse n'kubwezera madzulo pa bowo losapola. Kumeneko n'kutukula bala tsiku ndi tsiku. Ngati mukudziwa kuti sukulu ikutsegulira mwezi wamawa ndipo salola, musaboole patchuthi pano. Ngati mwaboola kale, sankhani chimodzi: retainer, kapena kuvula kamodzi n'kulisiya litsekeke, bola khutu likhale lopanda mafinya.

Kachotupa ka pambali pa bowo

Ambiri akasintha ndolo msanga amaona kachotupa kakang'ono, kofewa, pafupi ndi bowo. Kawirikawiri kameneka ndi khutu kudandaula chabe: lagonedwa, lakoledwa, chitsulo sichikuliyanja, kapena mwaika yozungulira imene ikungoyendayenda m'bala. Mukachotsa chimene chikuliputa, kamaphwa pakapita milungu. Musakafinye, musakabaye, musapakepo mankhwala otsukira mano kapena adyo monga ena amalangizira pa TikTok.

Chosiyana ndi chipsera chofufuma chimene madokotala amati keloid. Ichi n'cholimba, chosalala, chimayamba mochedwa, nthawi zina patapita miyezi, ndipo chimakula kupitirira pamene padali bala. Sichiphwa chokha. Anthu akhungu lakuda timachita zipsera zoterezi kwambiri kuposa azungu, makamaka pa zaka zapakati pa 10 ndi 30, ndipo zimayenda m'magazi a banja. Kuchipatala amabaya jakisoni pachipserapo kapena kuchidula, koma kudula kokha nthawi zambiri chimameranso. Ngati inu kapena abale anu muli nazo kale pachifuwa, paphewa kapena pakhutu, ganizani kawiri musanaboole pamwamba, ndipo musamaliputepute bowo limene muli nalo.

Apa ndiye thamangani

Khutu likatupa pamwamba ponse, likutentha, likupweteka mogunda, likutuluka mafinya achikasu kapena obiriwira, kapena inu mwayamba kutentha thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Khutu limangoda kwambiri n'kumanyezimira. Chizindikiro china n'chakuti pamwamba ponse patupa koma kunsi kuli bwinobwino. Madokotala amati perichondritis, kutanthauza kuti kachikopa kodyetsa kafupa kaja kagwidwa ndi tizilombo. Mafinya akalowa pakati pa kachikopako ndi kafupa, kafupako kamasowa chakudya n'kuyamba kufa, khutu n'kukwinyika mpaka kalekale.

Kachilombo kamene kamachita zimenezi kawirikawiri ndi Pseudomonas aeruginosa, kokonda malo a chinyontho. M'chaka cha 2000 ku Oregon, m'dziko la America, achinyamata 7 a zaka zapakati pa 10 ndi 19 adatsimikizika kuti adatenga kachilomboka ataboola makutu pakasitolo kamodzi. Onsewo adaboola pamwamba ndi kamfuti, ndipo kachilomboko kadapezeka m'botolo la mankhwala amene ankapopera pandolo. Anayi adagonekedwa m'chipatala, ena makutu adapunduka. Ofufuza amene adalemba za nkhaniyi m'magazini ya madokotala ya JAMA mu 2004 adapeza kuti ambiri mwa iwo adayamba apatsidwa mankhwala amene sapha kachilombo kameneka.

N'zimene zidachitikiranso mng'ono wanga. Amoxicillin sagwira Pseudomonas. Madokotala nthawi zambiri amapereka ciprofloxacin kapena mankhwala ena obaya, ndipo ngati mafinya aunjikana amacheka. Choncho makapisozi otsala m'kabati kapena ogula pagolosale amangokutayitsani masiku amene khutu likuwonongeka. Mukafika kuchipatala nenani momveka kuti bowolo lili pakafupa, mudaboola liti, ndipo mudasintha ndolo liti. Zikavuta amakutumizani kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, monga amene ali pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Ndipo ndolo ija musaivule nokha musanaonane ndi dokotala. Ikakhalamo, mafinya amapeza potulukira. Mukaichotsa, khungu limatseka pamwamba, zoipa n'kutsekeredwa mkati. Dokotala akaona kuti ichoke, aichotsa yekha atakonza njira yotulutsira mafinyawo.

Mng'ono wanga sadagonje. Chaka chatha adaboola khutu linalo, ulendo uno ndi singano, kwa munthu amene adatsegula zipangizo m'pepala lomata iye akuona. Adagonera nkhata ya chitenje, adapita ku maukwati awiri ndi ndolo yosafanana ndi ya anzake, ndipo adadikira miyezi 10. Tsiku losintha adayala thawulo patebulo la pabalaza, Loweruka masana. Nditayandikira kuti ndithandize adandiyang'ana pagalasi.

"Achemwali, inu gwirani tochi basi."

Ndidagwira tochi. Ndolo idalowa kamodzi.